Cholembera cha Parker 51 cha malemu agogo sichikukoka inki: ndichitsegule kapena ndichisiye?

MdzukuluWaKalaliki

Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za zolembera zakale zothira inki. Pamene tinkalongosola katundu wa malemu agogo anga aamuna, amene anagwira ntchito ya ukalaliki kwa zaka zambiri, tinapeza cholembera chakuda chokhala ndi chivindikiro cha chitsulo chowala, ndipo chopanira m'thumba chake chinapangidwa ngati muvi. Pa cholemberacho pali mawu akuti Parker 51 ndi Made in England, ndipo pathunthu pake panazokotedwa dzina la agogowo, ngakhale kuti zilembo zina zayamba kufufutika. Nibu yake sionekera yonse, yangotulukira kansonga kokha pansi pa chigoba chosongoka. Ndikamasula thunthu ndikupeza kachitsulo kozungulira kokhala ndi zenera, ndipo mkati mwake muli kathumba kofewa kamene kada bii ndi inki yakale.

Vuto ndi lakuti ndikaviika nsonga m'madzi n'kukanikiza kathumbako, palibe chimene chikulowa kapena kutuluka. Mlamu wanga akuti tichigwire ndi pulayazi, timasule chigoba chakutsogolocho, tiwiritse zonse m'madzi. Mnzanga wina wa kuntchito akuti sipiriti ndiye amasungunula inki msanga. Ine mtima sukundilola kuchita chilichonse mwa ziwirizi ndisanafunse, chifukwa chikasweka sindidzapezanso china chimene agogo anachigwirapo. Kodi chingakonzeke, ndipo ndiyambire pati?

Chikwakwa77

Pepani ndi zovutazo, koma ine sindikuona chifukwa chovutikira. Chipukuteni bwinobwino, muchiike m'kabati ya galasi kuti anthu aziona, ndipo polemba mugule bolopeni. Zinthu za m'nthawi imeneyo zinatha ntchito yake.

WokonzaMawotchi

A Mdzukulu, mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu. Pulayazi muiike kutali, sipiriti mumubwezere m'kabati, ndipo mphika wa madzi owira usayandikire cholemberacho. Zolembera zakale zambiri zimene zafika pa tebulo langa zitawonongeka sizinawonongedwe ndi zaka ayi, zinawonongedwa ndi munthu wachangu amene anafuna kuona mkati tsiku lomwelo.

Chimene chachitika n'chosavuta kumvetsa. Cholembera cha mtundu umenewu chilibe chokankha inki polemba. Inki imayenda yokha m'timipata topapatiza kwambiri, monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha nyali, ndipo pamene inki ikutsika, mpweya umayenera kukwera kulowa m'kathumba kudzera njira yakeyake. Cholembera chikasungidwa chili ndi inki, madzi a mu inkiyo amauma pang'onopang'ono, utoto n'kutsala utagwirana m'timipata monsemo. Njira ya inki yatsekeka, njira ya mpweya yatsekekanso, n'chifukwa chake kathumbako sikakuyankha.

Mankhwala oyamba ndi madzi wamba ozizira kapena ofunda pang'ono. Chotsani chivindikiro ndi thunthu, muimike mbali ya nibu m'kapu, madzi afike pomwe chigoba chakutsogolo chathera. Chisiyeni usiku wonse. M'mawa mudzapeza madzi atasintha mtundu. Tayani, thirani ena, kanikizani kathumba mofatsa kangapo, muchisiyenso. Chitani zimenezi tsiku ndi tsiku, ngakhale zitatenga sabata yathunthu kapena kupitirira, kufikira madzi atayamba kulowa ndi kutuluka oyera. Kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale kamathandiza. Ngati kwanuko mumamwa madzi a pa mjigo amene amasiya zoyera m'ketulo, gulani madzi oyeretsedwa aja amathira m'batire ya galimoto, koma muonetsetse kuti akupatsani madzi enieni osati asidi. Chivindikiro musachiviike, ingochipukutani mkati ndi kansalu konyowa, chifukwa muli kasipuling'i kogwira thunthu ndipo madzi akakhalitsa mmenemo amabweretsa mavuto ena.

InkiYabuluu

Ndikugwirizana ndi a Mawotchi, ndipo ndiwonjezere nkhani yolimbitsa mtima. Mwa zolembera zonse zakale zimene munthu angapeze m'sutikesi ya agogo, Parker 51 ya kathumba kokanikiza ndiyo imadzuka mosavuta kwambiri. Kampani ya Parker inayambitsidwa ndi George Safford Parker ku Janesville, m'chigawo cha Wisconsin ku America, mu 1888. Cholembera chimenechi anamaliza kuchikonza mu 1939, chaka cha 51 cha kampaniyo, ndipo anayamba kuchigulitsa ponseponse mu 1941. Zoyambirira zinali za mtundu wa Vacumatic, zokhala ndi kopopera kumapeto kwa thunthu ndi kamphira kopyapyala mkati, ndipo kamphira kameneko kamauma ndithu, kamafunika kusintha ndi zida zapadera. Mu 1948 anabweretsa mtundu wa Aerometric, umene ndi wanuwo, kotero chanucho sichingakhale chakale kuposa chaka chimenecho. Zopangidwa ku England zinkachokera ku fakitale ya ku Newhaven.

Kathumba ka Aerometric si ka mphira wamba. Ndi ka pulasitiki wofewa amene Parker ankamutchula kuti Pli-Glass, ndipo zambiri zikugwirabe ntchito lero zili ndi kathumba komwe kanaikidwa kufakitale. Kuda kumene mukukuonako ndi utoto wa inki umene unalowerera, si chizindikiro cha kuwola. Ngati kali kofewa, kakubwerera mukakasiya, ndiponso sikakudontha, musakasinthe. Anthu ena amakachotsa chifukwa chakuti kakuoneka koipa, n'kuikamo ka mphira kamene sikadzakhalitsa ngati koyambako.

MphunzitsiWopuma

Moni ana anga. Ine ndili ndi funso kwa a Mawotchi. Pa nthawi yathu zolembera zikatseka tinkazitsuka ndi madzi otentha a m'ketulo, ndipo inki inkasungunuka nthawi yomweyo osadikira sabata. Kodi madzi otenthawo alakwa chiyani lero?

WokonzaMawotchi

Aphunzitsi, n'zoona kuti madzi otentha amasungunula inki msanga, koma sasankha chosungunula. Thunthu ndi chigoba cha Parker 51 n'zopangidwa ndi pulasitiki wolimba wotchedwa Lucite, amene saopa madzi, koma mkati mwa chigobacho muli tizipangizo topyapyala timene timapindika ndi kutentha, ndipo tikapindika sitibwereranso. Sipiriti naye amatha kuchititsa timing'alu tambirimbiri pa pulasitiki wa mtundu umenewu. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndiye oopsa koposa, amadya thunthu lenilenilo.

Ndichenjezenso ena amene akuwerenga, kuti malangizo oviika amene ndapereka ndi a cholembera ichi chokha. Zolembera za mphira wolimba wakuda, zimene mukazikhula ndi chala zimanunkha ngati tayala, zimasanduka zofiirira zikakhala m'madzi kapena padzuwa. Zina za ku England zinapangidwa ndi casein, chinthu chochokera ku mkaka, ndipo zimenezo zikaviikidwa zimatupa n'kupindika. Munthu ayenera kudziwa kaye chimene wagwira m'manja asanatunge madzi.

DzanjaLamanzere

Zikomo a Mawotchi potchula za ku England, chifukwa nkhani yanga ili pomwepo. Bambo anga anandisiyira cholembera cha Conway Stewart cha maangamaanga obiriwira, chokhala ndi kachitsulo kotukula pothira inki m'mbali mwa thunthu. Kachitsuloko kanali kolimba, ndipo pochigwedeza cholemberacho munkamveka tizinthu tikuchita phokoso mkati. Ndinachipereka kwa munthu wina wokonza zinthu zosiyanasiyana mumsika, amene anandilonjeza kuti ndi ntchito yaing'ono. Anatukula kachitsuloko mwamphamvu mpaka kanapindika, kenako anachotsa mbali ya nibu, n'kuibwezera ndi supa guluu. Lero cholemberacho chili ndi mkombero woyera pomwe guluu anadutsa, sichilemba, ndiponso sichitseguka. Kodi pali chiyembekezo chilichonse?

WaKuLeeds

Pepani kwambiri a Dzanja. Kunena mosabisa, supa guluu ndiye chinthu chovuta kuchibweza pa ntchito imeneyi, chifukwa mankhwala amene amamusungunula amasungunulanso celluloid ndi mapulasitiki ena akale. Alipo akatswiri amene amatha kuboola mbali yomatidwayo n'kuikapo ina, koma si ntchito yoyesera kunyumba. Musachitaye, chifukwa nibu ya golide, chivindikiro ndi chopanira zidakali zabwino, ndipo thunthu la mtundu womwewo limatha kupezeka kwa ogulitsa zida zakale kuno ku England.

Kuti ena apewe zimenezi, ndifotokoze mmene ntchitoyo imayenera kuyendera. Phokoso lija linali la kathumba ka mphira kamene kanauma n'kusweka zidutswazidutswa. Kachitsulo kotukula, kamene Walter Sheaffer wa ku Fort Madison ku America analembetsa ngati luso lake mu 1908, kamangokankha kachitsulo kena kathyathyathya kamene kamafinya kathumba. Kathumba kakauma gwa, kotukulako sikangayende, ndipo mukakakamiza mumathyola zimene zinali zabwinobwino. Choyamba ndi kufunditsa malo olumikizira mbali ya nibu ndi thunthu pogwiritsa ntchito makina oumitsira tsitsi, mukuchitembenuza, n'kumayesa pa mlomo wanu. Ngati mlomo sukupirira, mwapyoza muyeso. Moto wa kandulo kapena machesi usayerekezedwe n'komwe, chifukwa celluloid amayaka mwaukali ndipo m'kanthawi kochepa mumatsala ndi phulusa. Pakafunda, gwirani ndi kachidutswa ka chubu cha njinga kuti zala zisaterereke, n'kumasula kapena kukoka molunjika, osapendeketsa uku ndi uku, popeza kupendeketsa ndiko kumang'alula mlomo wa thunthu.

Mukatsegula, kokotani zotsalira za kathumba kakale, muyeze katsopano. Timatumba timeneti tili ndi manambala, ndipo nambalayo ndi kukula kwake powerengera magawo 64 a inchi imodzi, kotero nambala 16 ndi kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono. Koyenera ndi kamene kakulowa m'thunthu mosakakamiza. Kamamatidwa ndi guluu wachilengedwe wotchedwa shellac yekha basi, kenako kakauma mumakawaza paudala wa talc wopanda mafuta onunkhiritsa kuti kasamatirire ku zitsulo. Ubwino wa shellac ndi wakuti amafewa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60, kotero wodzakonza pambuyo panu adzatha kutsegula popanda kuswa.

Chikwakwa77

Nanga kuno timatumba timeneto tikatigula kuti? Bwanji osangodula kachubu ka diripi kapena kamphira ka valavu ya njinga, n'kumanga mfundo kumapeto?

WaKuLeeds

Kachubu ka diripi n'kolimba kwambiri, kachitsulo kotukula sikangakafinye bwino, ndipo mudzathyola chomwe chija tikuchiteteza. Kamphira ka valavu n'kochepa, inki yolowamo singalembe ngakhale tsamba limodzi. Timatumba tenitenito ndi totsika mtengo ndipo timalowa mu envulopu wamba, choncho njira yabwino ndi kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale amene akubwera kuchokera kunja. Ndiwonjezere kuti Vaseline asakhudze mphira ameneyu, chifukwa mafuta ochokera ku petulo amamuwoletsa. Pofunika kutereretsa, girizi wa silicone ndiye woyenera.

MdzukuluWaKalaliki

Zikomo nonse chifukwa cha nzeru zanu. Ndatsata malangizo a a Mawotchi, ndipo ndabwera kudzanena mmene zayendera. Poyamba madzi ankatuluka akuda, kenako abuluu, ndipo tsopano akungotsala ndi kamtundu pang'ono. Kathumba kayamba kukoka madzi ndipo sikakudontha paliponse. Koma pali zinthu ziwiri zimene zikundidetsa nkhawa. Ndikakanikiza koyamba nsonga ili m'madzi, thovu likutuluka, koma ndikakanikiza kachiwiri ndi kachitatu likutuluka lochepa kwambiri, ndipo kathumba sikakudzadza, kakungofika chapakati. Chachiwiri, nditayesa kulemba ndi madzi amtunduwo, nibu ikukanda pepala ndikamakokera kumanzere.

InkiYabuluu

Nkhani ya thovuyo ikuloza ku kachubu ka mpweya. Mkati mwa kathumba ka Aerometric muli kachubu kowonda kamene kamachokera kuseri kwa nibu n'kukwera mpaka chakumapeto kwa kathumbako. Mukakanikiza, mpweya wa pamwamba umatulukira m'kachubuko, ndipo mukasiya inki imalowa. N'chifukwa chake pa kachitsulo kozungulira kaja analembapo kuti muzikanikiza kangapo osati kamodzi. Kachubuko kakakhala kabwino, kukanikiza kulikonse kumatulutsa thovu kufikira kathumba katadzadza. Kakatsekeka kapena kuthyoka, mukungotulutsa ndi kubweza madzi omwewo.

Pa zolembera za zaka zoyambirira kachubu kameneka kanali ka siliva, ndipo mdani wake anali inki ya Parker yomweyo yotchedwa Superchrome, imene inatuluka mu 1947. Inki imeneyo inkauma msanga papepala chifukwa inali yaukali, ndipo ukali womwewo unkadya siliva pang'onopang'ono. Ngati agogo ankathira imeneyo, n'kutheka kuti kachubuko kanaboka kapena kuduka. Maganizo anga ndi akuti chigoba chitsegulidwe, kachubu kaonedwe, ndipo ngati kadyeka kasinthidwe ndi ka chitsulo chosachita dzimbiri kapena ka pulasitiki, popeza zolowa m'malo zilipo.

WokonzaMawotchi

A Inki, za kachubu mwanena zoona, koma za kutsegula sindikuvomereza, makamaka pakadali pano. Cholembera chimene chikudzadza theka chikulembabe masamba ambiri, pamene cholembera chong'aluka chigoba sichilemba ngakhale mzere umodzi wosadetsa zala. A Mdzukulu sanatsegulepo cholembera chilichonse, ndipo ichi ndi chimodzi chokha padziko lonse kwa iwo. Komanso kachubu kotsekeka ndi inki youma kamapereka zizindikiro zofanana ndi kachubu kodyeka. Ndiye bwanji osayamba ndi chosaopsa? Dzadzani kathumba ndi madzi mmene kangathere, muchigoneke chopingasa kuti madzi afike ku kachubu konse, muzichitembenuza ndi kusintha madzi kwa masiku ena. Mukapeza mankhwala otsukira m'nyumba otchedwa ammonia, opanda sopo, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 10 a madzi, mutsukire kanthawi kochepa, kenako mutsukuluze ndi madzi ambiri. Mukhozanso kuunika kathumbako ndi tochi ya foni. Nthawi zina kachubu kamaoneka ngati kali chiimire kapena kagwera pansi.

Zikadzakanika, kutsegula kwake kuli motere. Chigobacho chili ndi mazinga ndipo chinamatidwa kufakitale, choncho chimafuna kufunditsa mobwerezabwereza, kugwira ndi chubu cha njinga, n'kupotokola mofatsa ngati mukumasula botolo. Chikakana, mufunditsenso, musawonjezere mphamvu. Mkati mudzapeza nibu yozungulira ngati kachubu, kamtengo kakuda pansi pake, ndi kachipangizo ka timapiko tambirimbiri topyapyala kotchedwa collector, kamene kamasunga inki yochuluka pafupi ndi nibu kuti cholembera chiyambe kulemba mukangochigunditsa papepala. Timapiko timeneto timathyoka mosavuta. Jambulani chithunzi musanachotse kalikonse, ndipo pobwezera muonetsetse kuti nsonga ya chigoba yakhala pakati penipeni pa msana wa nibu. Koma musanachite zonsezi pa cholembera cha agogo, gulani Hero 616, cholembera chotsika mtengo cha ku Shanghai chimene anatengera maonekedwe a Parker 51, muphunzirirepo kumasula ndi kumanga.

InkiYabuluu

Ndamva a Mawotchi, ndipo za kuyamba ndi kuviika sindikutsutsa. Chokhacho ndinganene n'chakuti kachubu kakakhala kataduka n'kumayendayenda mkati, kansonga kake kangathe kuboola kathumba, ndiye pamenepo kusatsegula kumakhala ndi mtengo wakenso.

MphunzitsiWopuma

Mwatchula Hero, mwandikumbutsa kutali. Zimenezo ndizo ambiri a ife tinkakwanitsa kugula, pamene Parker tinkangoiona m'thumba la malaya la akuluakulu. Munthu ankadziwika kuti ndi wolemba poona kadontho ka buluu pa chala chapakati, ndipo pepala lomwetsera inki silinkasowa pakati pa kaundula. Chimene ndinaphunzira m'zaka zimenezo n'chakuti cholembera chikatsala pang'ono kutha inki, makamaka m'mwezi wa Okutobala, chimayamba kulavula madontho papepala, chifukwa kutentha kwa dzanja kumafutukula mpweya wochuluka umene uli m'kathumba, mpweyawo n'kukankha inki. Tsono ngati cha a Mdzukulu chizidzadza theka lokha, azikumbukira kuthiramo kawirikawiri, ndipo asamachisiye m'galimoto yoima padzuwa. Pa mkangano wa akatswiri awiriwa ine ndili kumbali ya a Mawotchi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

NamwinoWaUsiku

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso la inki. M'masitolo ambiri a zolembera amene ndafunsamo akundipatsa inki ya chidindo kapena ya printa, akuti zonse ndi inki. Kodi zimenezi zingathiridwe m'cholembera chotere?

InkiYabuluu

Ayi mayi, musayese n'komwe. Inki ya chidindo anaipanga kuti isaume msanga pa kasiponji, ndipo ina imakhala ndi mafuta, kotero imamata timipata ndi kufalikira papepala. Ya printa anaipangira makina, kayendedwe kake n'kosiyana. Yoopsa kuposa zonse ndi inki yakuda ya ojambula yotchedwa India ink, chifukwa yambiri imakhala ndi shellac, ndipo ikaumira mkati madzi saisungunula ngakhale mutaviika mwezi wathunthu. Funani botolo lolembedwa kuti ndi la fountain pen. Parker Quink, imene ilipo kuyambira 1931, Pelikan 4001 ndi inki ya buluu ya Waterman ndi zofatsa, ndipo zimatsukika mosavuta. Kwa cholembera chimene changodzuka kumene, buluu wamba ndi wabwino kuposa zofiira, zofiirira kapena zonyezimira, zimene zimasiya utoto wambiri. Botolo lakale limene muli zoyandama kapena fungo lachilendo litayidwe, popeza nkhungu ikalowa m'cholembera imavuta kuichotsa.

Chikwakwa77

Chabwino, ndagonja, chikonzedwe. Koma ngati mukuchikonza, chikonzeni chonse. Tengani Brasso mukweche chivindikiro, ndipo thunthulo mulipale ndi sandipepa wosalala kuti zokandika ndi zilembo zofufutikazo zichoke, chioneke ngati changotuluka m'sitolo.

MphunzitsiWopuma

Apo ndiye ayi, mwana wanga. Zilembo zimene mukuti zichokezo ndi dzina la mwini wake. Zolembera za Parker 51 zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo amene akufuna chowala ngati chatsopano angathe kugula kwa ogulitsa, koma chokhala ndi dzina la agogo awo a Mdzukulu chilipo chimodzi. Ngakhale kusalala kwa pamalo pogwira kunabwera ndi zala za munthu amene analemba nacho zaka zonse za ntchito yake. Ine ndingachipukute kuti chichoke litsiro, ndilekere pomwepo.

WaKuLeeds

Nkhani imeneyi imagawanitsa anthu ngakhale pakati pa osonkhanitsa zolembera kuno. Ena amachotsa maina kuti chigulitsike bwino, ena amati kupala kulikonse ndi kuchotsa thupi la cholembera limene silingabwerere. Ine ndimayang'ana kuti cholembera ndi cha yani ndipo akuchifuniranji. Cha a Mdzukulu si cha malonda, choncho Aphunzitsi akunena zoona. Kupatula za dzina, sandipepa amafafanizanso mawu a kufakitale, kuphatikizapo kanambala kosonyeza chaka kamene kamapezeka pa thunthu la zina mwa zolembera zimenezi, ndipo a Mdzukulu angachite bwino kukafunafuna ndi galasi lokulitsa zinthu.

Za Brasso ndichenjeze mwapadera. Chivindikiro cha chitsulo cha Parker 51, chimene ankachitchula kuti Lustraloy, nthawi zambiri chinali chosawala kwambiri mwadala, ndipo mukachikwecha chimasanduka ngati supuni. Zivindikiro ndi zopanira za golide ndiye zimavutika koposa, chifukwa golideyo ndi wokuta pamwamba chabe, ndipo mankhwala okwechera akamudya pamatulukira chitsulo chachikasu cha pansi. Nsalu yofewa youma ndi yokwanira.

WokonzaMawotchi

Tisaiwale funso lachiwiri la a Mdzukulu, la nibu yokanda. Mawu akuti ikukanda pokokera kumanzere kokha ndi ofunika kwambiri, chifukwa akusonyeza kuti vuto si kukhakhala kwa nsonga koma kusiyana kwa timano. Nibu inang'ambidwa pakati kukhala timano tiwiri, ndipo kumapeto kwake kuli kampira kolimba kwambiri kamene anthu amangoti iridium, kowotcherera pa golide. Kadzino kamodzi kakatsika pang'ono kuposa kanzake, m'mphepete mwake mwa mkati mumakola pepala mukamapita mbali imodzi, pamene mbali inayo zimayenda bwino.

Pezani galasi lokulitsa kakhumi, ngati lija timagwiritsa ntchito pa mawotchi, muyang'ane nsonga molunjika kuchokera kutsogolo. Mukaona kamodzi katatsika, kakankhireni m'mwamba ndi chikhadabo pang'ono kwambiri, muyang'anenso, muyese kulemba, ndipo mubwereze mpaka tifanane. Pa Parker 51 malo ndi ochepa chifukwa cha chigoba, koma nthawi zambiri zimatheka osatsegula. Lumo lisalowe m'kampata ka nibu, chifukwa limakanda golide ndi kutanula timano. Ndipo musanole nsonga pa mwala, pa sandipepa kapena pa galasi monga ena amalangizira, popeza kampira kaja n'kochepa, kakatha nibu yatha. Dziwaninso kuti madzi satereretsa ngati inki, choncho nibu iliyonse imamveka youma polemba ndi madzi. Muiweruze mutathira inki yeniyeni, pa pepala labwino.

DzanjaLamanzere

Ndifunse nawo pamenepa. Ndinamva kuti nibu imazolowera dzanja la mwini wake, moti munthu wina sangalembe nayo bwino, makamaka ife amanzere. Kodi si chimene chikuchitika kwa a Mdzukulu?

WokonzaMawotchi

Zimachitika pa cholembera chimene chalemba zaka zambiri m'dzanja limodzi, chifukwa kampira kaja kamadyeka mbali imodzi n'kupanga kamalo kathyathyathya. Galasi lomwe lija lidzaonetsa. Zikakhala choncho, a Mdzukulu ayese kupendeketsa cholembera pang'onopang'ono kufikira atapeza pomwe chikutsetsereka bwino, ndipo pamenepo ndi pomwe agogo ankagwirira. N'kwapafupi kuti dzanja lizolowere cholembera kusiyana ndi kusema nibu.

MdzukuluWaKalaliki

Ndabweranso ndi zotsatira. Nditachigoneka ndi madzi monga munanenera, tsiku lina panatuluka tizidutswa takuda touma, ndipo kuyambira pamenepo thovu likutuluka pa kukanikiza kulikonse mpaka kathumba kukhala pafupifupi kodzadza. Pounika ndi tochi, kachubu kakuoneka kali chiimire. Wokonza mawotchi wa kufupi ndi kwathu anandibwereka galasi, ndipo tinaonadi kuti kadzino kamodzi kanali kotsika; iye ndiye anakakweza ndi chikhadabo ine ndikuyang'ana. Ndapeza botolo la Quink ya buluu, ndipo cholembera chikulemba mzere wosadukiza popanda kukanda. Chigoba sindinatsegule, dzina sindinalikhudze. Chatsala n'chakuti chivindikiro chikulowa mosagwira kwenikweni, moti ndikachitembenuza chimafuna kugwa. Kodi chimenechi ndichite nacho chiyani?

InkiYabuluu

Ndasangalala kuti kachubu kali bwino, ndipo pa ichi a Mawotchi anaona patali kuposa ine. Za chivindikiro, mkati mwake muli timinwe ta chitsulo timene timagwira kamkombero kamene kali pakati pa chigoba ndi thunthu, ndipo timinweto timafooka ndi zaka. Yambani mwayang'ana ngati kamkomberoko kalipo ndipo sikanaphwanyike, kenako mupukute mkati mwa chivindikiro, chifukwa inki youma imalepheretsa timinweto kubwerera m'malo mwake. Kutipinda kuti tigwirenso kumatheka, koma kumafuna kuchotsa zamkati mwa chivindikiro ndi chida chake, ndiye ndi ntchito ya munthu amene anaichitapo.

WokonzaMawotchi

Musafinye chivindikirocho ndi pulayazi kapena ndi mano pofuna kuti chigwire, chifukwa chikaphwatalala chimakanda thunthu nthawi iliyonse mukatseka. Kufikira mutapeza wochikonza, musachipanike m'thumba la malaya kapena kuchiponya m'chikwama; chisokereni kathumba kansalu kokwana bwino, ndipo poyenda nacho nibu iziloza m'mwamba. Mukaona kuti mukhala milungu ingapo osalemba nacho, tulutsani inki, mutsuke ndi madzi, muchisiye chiume musanachisunge.